Kope la zigoli linapulumutsa ng'ombe ziwiri ku Angónia

Pa msika wa Ulongwe, kufupi ndi pamene mavenda amapakira matumba a mbatata ya kachewere, pali benchi limene limadzaza ndi anthu Lolemba lililonse m'mawa. Sipagulitsidwa kanthu pamenepo ayi. Anthuwo amabwera kudzamva bambo wina wachikulire, mlimi wa m'mudzi wina kufupi ndi malire a Calómuè, amene amafika pa njinga atamangirira wailesi pa keliyala, kope lokutidwa ndi pulasitiki lili m'thumba la jekete.

M'kopemo bambowa amalembamo zotsatira za mpira: tsiku, matimu amene anasewera, zigoli ndi amene anachinya. Kumasamba akumapeto amalembako osewera amene agulitsidwa, timu imene achoka ndi imene apita. Ntchito imeneyi anaiyamba ali othawa nkhondo ku Dedza, mtendere wa pa 4 October 1992 usanafike. Kumeneko ankamvera mpira pa wailesi ya MBC ndipo mtima wao unatengeka ndi Bullets ya ku Blantyre. Koma timu imene anabadwa nayo ndi Benfica ya ku Lisbon, chifukwa malemu bambo ao sankatchula dzina lina m'nyumba koma la Eusébio.

Nkhani imayambira kwa Eusébio

Aliyense wokhala pa benchi lija amadziwa kuti mtsutso ukafika pa kugulitsa osewera, bambowa amayambira kutali. Eusébio anabadwa m'chaka cha 1942 ku Mafalala, mu mzinda umene tsopano ndi Maputo, ndipo ankasewera mu Sporting de Lourenço Marques, timu imene pambuyo pa ufulu inasanduka Maxaquene. Mu December 1960 anafika ku Lisbon, matimu a Benfica ndi Sporting nayamba kumulimbirana, mpaka a Benfica anakamubisa ku Lagos, m'chigawo cha Algarve, kuopa kulandidwa. M'chaka cha 1962 anachinya zigoli ziwiri pamene Benfica inagonjetsa Real Madrid 5-3 ndi kutenga chikho cha ku Ulaya. Mu 1965 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse ku Ulaya, ndipo mu 1966 anachinya zigoli 9 pa chikho cha dziko lonse ku England.

Bambowa akafika pamenepa amatseka kope ndi kufunsa kuti kodi zigoli zonsezo zinalembedwa pa dzina la yani. Yankho ndi lakuti zinalembedwa pa dzina la Portugal, chifukwa nthawi imeneyo dziko lino linali m'manja mwa Apwitikizi. N'chimodzimodzinso ndi Mário Coluna, Hilário, Vicente ndi mkulu wake Matateu. Pa onsewa iwo amalemekeza kwambiri Coluna, amene anali kaputeni wa Benfica koma ufulu utabwera mu 1975 anabwerera kwao, nadzatsogolera bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno. Akuti munthu wopita kutali amayesedwa ndi zimene wabwera nazo.

Wosewera ali ngati kachewere

Maganizo ao pa malonda a osewera amawafotokoza poloza matumba amene ali pamsikapo. Akuti mlimi amalima, kuthira feteleza, kupalira ndi kukumba, koma venda amabwera ndi galimoto kudzagulira kumunda pa mtengo wozizira. Thumba lomwelo likafika ku Tete kapena ku Beira mtengo wake umakhala wina. Amene wakhetsa thukuta sindiye amene amadya phindu.

Chitsanzo chimene amachikonda ndi cha Reinildo Mandava. Mnyamatayu anakulira mu Ferroviário da Beira, napita ku Liga Desportiva ya ku Maputo, kenaka ku Portugal kumene anayamba ndi timu yachiwiri ya Benfica ndi kubwerekedwa ku matimu aang'ono. Mu January 2019 anapita ku Lille ya ku France, ndipo mu 2021 anatenga nayo ligi. Mu January 2022 Atlético de Madrid inamugula pa mtengo umene nyuzipepala zinati ndi pafupifupi mayuro 3 miliyoni. Bambowa akuti pa msika wa ku Ulaya zimenezo n'zochepa kwa munthu wongotenga kumene ligi, ndipo chifukwa chake n'chakuti kontrakiti yake inali itatsala miyezi yowerengeka kuti ithe. Mu July 2025 anapita ku Sunderland popanda timuyo kulipira Atlético, nakhala mwana wa Moçambique woyamba kusewera mu Premier League ya ku England.

Achinyamata ena amadabwa kuti wosewera wodziwika chotere angapite bwanji ulere. Bambowa amawauza za Jean-Marc Bosman, wosewera wa ku Belgium amene anapambana mlandu ku khoti la ku Ulaya mu December 1995. Chigamulo chimenecho ndicho chinatsegula njira yakuti wosewera amene kontrakiti yake yatha achoke popanda timu yake yakale kulandira kanthu. N'chifukwa chake timu yochenjera imagulitsa munthu nthawi ikadalipo, kapena kumusainitsa zaka zina.

Pali lamulo linanso la FIFA limene iwo amati atsogoleri a matimu a kuno ayenera kuliloweza ngati pemphero. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengowo amagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalama imeneyi imatsata mapepala. Mwana amene wasewera zaka zisanu pa bwalo la kumudzi popanda kulembetsedwa ku bungwe la mpira, m'mabuku amaoneka ngati anangogwa kumwamba, ndipo amene anamuphunzitsa sapeza ngakhale ya sopo.

Usiku umene mtima unagawanika

Pali tsamba limodzi m'kopemo limene anzao amawaseka nalo mpaka lero. Pa 6 April 2024 Sporting inalandira Benfica ku Lisbon. Mpira utangoyamba, mphindi imodzi isanathe, Geny Catamo, mwana wa ku Maputo amene analeredwa ndi Black Bulls, anachinya Benfica. Benfica inabweza, koma nthawi itatha kale Geny yemweyo anaponyanso bomba, mpira nuthera 2-1. Chaka chimenecho Sporting inatenga ligi.

Anansi akuti usiku umenewo anamva bambowa akukuwa mokondwa, kenaka zii. Kutacha anavomera kuti anadumpha ndi chimwemwe asanakumbuke kuti yochinyidwayo ndi timu yao. Masapota anzao a Benfica anawanena kuti ndi ogulitsa, koma iwo anayankha kuti malaya ofiira anachita kugula pa kaunjika, pamene Geny sanachite kumugula, ndi mwana wa pakhomo.

Kulepherana si kupambana

Pa zotsatira za timu ya dziko lino, ya Mambas, bambowa ndi ouma mtima. Mu January 2024 ku Côte d'Ivoire, Mambas inatsogola 2-1 pamaso pa Egypt mpaka Mohamed Salah anabweza pa penate nthawi itatha. Inagonja 3-0 kwa Cabo Verde, kenaka inachoka pa 2-0 ndi kufanana mphamvu ndi Ghana 2-2, Geny ndi Reinildo atachinya m'mphindi zoonjezera. Anthu anavina usiku wonse, koma iwo anakana kuvina. Anati kuyambira mu 1986, kudutsa 1996, 1998 ndi 2010, dziko lino lakhala likupita ku chikho cha Africa osapambanako mpira ndi umodzi womwe, ndipo kuvinira kulepherana n'kuzolowera njala.

Anavina pa 28 December 2025, pamene Mambas inagonjetsa Gabon 3-2 ku Agadir, m'dziko la Morocco, ndi kudutsa m'magulu kwa nthawi yoyamba. Itakagwa 4-0 m'manja mwa Nigeria mu January 2026, sanakalipire osewera. Anati kusiyana kunaoneka poyera: Nigeria ili ndi osewera ambiri a m'maligi akuluakulu moti wina akatopa amalowa wina wofanana naye, pamene Mambas imadalira anthu owerengeka. Anatchulanso Dominguês, amene anasewera mpikisano umenewo ali ndi zaka 42. Akuti ndi ulemu waukulu kwa mwini wake, komanso ndi funso kwa atsogoleri: kodi olowa m'malo mwake akuleredwa kuti?

Kuno kwao amanyadira União Desportiva do Songo, imene mu 2017 inabweretsa chikho cha Moçambola m'chigawo cha Tete kwa nthawi yoyamba, mphunzitsi wake ali Chiquinho Conde, nibwereza mu 2018 ndi 2022. Amakumbutsanso kuti malonda a osewera sayenda njira imodzi yokha, pakuti Amalawi monga Frank Banda, John Banda ndi goloboyi Charles Swini anaoloka malire kudzasewera ku Songo.

Si onse amene amagwirizana nao. Anyamata oonera mpira pa kanema m'mashopu amati mkuluyu watsalira, chifukwa wosewera ali ndi zaka zochepa zoti apezemo chuma, choncho apite kulikonse kumene kuli ndalama, ndipo za amene anamulera n'za atsogoleri. Iwo satsutsa zakuti mwana apite. Chimene amakana n'chakuti apite mwa mdima.

Mlendo wa galimoto

Zimenezi zinayesedwa pakhomo pao pomwe. Bambowa ndi mwinimbumba, ndipo pa mbumba yao pali mdzukulu wa zaka 15 amene amasewera kutsogolo, wothamanga ndi wodziwa kuchenjeretsa. Nyengo yokolola yapitayi kunabwera mlendo wa galimoto amene anaonerera mpira wa pamudzi. Mpira utatha anakumana ndi makolo a mnyamatayo nawauza kuti mwana wao ndi golide, ndipo iye angathe kupita naye ku Johannesburg kukayesedwa ku timu yaikulu. Chofunika chinali ndalama ya pasipoti, ya ulendo ndi ya chakudya. Atawerengera, makolo anaona kuti n'zotheka atagulitsa ng'ombe ziwiri za pa ngolo.

Nkhani itafika kwa mwinimbumba, iwo anaitana mlendoyo, namupatsa mpando ndi kumufunsa mafunso atatu. Loyamba, timuyo dzina lake ndani, ndipo kalata yake yoitana mwanayu ili kuti? Lachiwiri, kodi chiphaso chake chogwirira ntchito imeneyi chili kuti? Lachitatu, kodi akudziwa kuti malamulo a FIFA saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina?

Lamulolo lili ndi zipata zochepa. China n'chakuti makolo asamuke pa zifukwa zosakhudza mpira. China chimakhudza anthu a m'malire ngati a kuno: mwana wokhala mosapitirira makilomita 50 kuchokera pa malire angalembetse ku timu ya tsidya lina imene ilinso mosapitirira makilomita 50, malinga apitirize kugona kwao ndipo mabungwe a maiko onse awiri avomereze. Bambowa anati mwana wa ku Calómuè angasewere ku Dedza mwa njira imeneyi, koma Johannesburg sali pa makilomita 50.

Mlendo uja anayankha kuti za zaka n'zosavuta, amadziwa anthu okonza mapepala. Apo mwinimbumba anati ng'ombe sizituluka m'khola kufikira kalata ya timu itaoneka. Mlendoyo analonjeza kubwera nayo sabata yotsatira. Mpaka lero sanabwerenso.

Panyumba sipanakhale mtendere msanga. Mnyamatayo anatha masabata osawalankhula agogo ake, ndipo mai ake ankati mwina mwayi wa mwana wao wathawa chifukwa cha kope. Bambowa sanabweze mau. Anangowauza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo timu yofunadi wosewera imalipira yokha ulendo, siipempha ng'ombe za mlimi. Anawasonyezanso tsamba la Reinildo, kuti aone kuti ngakhale iye anayamba ndi timu ya kwao, nakwera pang'onopang'ono, ndipo mu February 2023 anavulala bondo nakhala miyezi yambiri osasewera. Mwendo ukathyoka, anatero, chotsala ndi sukulu.

Zimene akupempha

Kwa makolo, bambowa akupempha kuti ana azilembetsedwa ku boma akadali aang'ono, kuti zaka zao zenizeni zidziwike, ndipo asalole munthu kusintha zaka za mwana, pakuti bodza limenelo limadzaululika pa nthawi imene mwanayo wayamba kudziwika. Kwa oyendetsa matimu a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, akupempha kuti azisunga maina a ana onse amene akuwaphunzitsa ndi kuwalembetsa ku bungwe la mpira la chigawo. Kwa mafumu, akupempha kuti mlendo aliyense wobwera ndi malonjezo a mpira azifunsidwa mapepala asanalankhule ndi ana.

Mdzukulu uja tsopano ali pa sukulu ku Ulongwe ndipo amasewera mu timu ya pa sukulupo. Ngati adzafike ku Songo, ku Maputo kapena kupitirira, n'za m'tsogolo. Ng'ombe ziwiri zija zikukokabe ngolo ya kachewere, ndipo Lolemba lapitali mnyamatayo ndiye anawerengera agogo ake zotsatira za m'kopemo, chifukwa maso ao ayamba kuchita chidima.