Mmisiri amene adatchuka ndi ziwiya za kukhitchini

Kodi dengu la zipatso lingagulidwe ndalama zingati? Amene adakwerako phiri la Zomba amadziwa kuti mtengo wa masitiroberi umayambira kumwamba, n'kumatsika wogula akayamba kunamizira kubwerera m'galimoto. Koma m'mwezi wa March 2022, mumzinda wa Paris m'dziko la France, kadengu ka masitiroberi akutchire kadagulidwa ndi mayuro oposa 24 miliyoni.

Zipatsozo n'zosadyeka. Ndi chithunzi chojambula ndi penti, chaching'ono moti mukhoza kuchipanira m'khwapa, ndipo anthu adachiona koyamba m'chaka cha 1761. Pachithunzipo pali dengu lodzaza tho, tambula ya madzi, maluwa awiri oyera, timatcheri tiwiri ndi pichesi limodzi. Basi.

Mwini luso limeneli ndi Jean-Siméon Chardin, yemwe adabadwira ku Paris mu 1699. Bambo ake adali kalipentala wokhoma matebulo a masewero ofanana ndi pool amene timawaona m'malo achisangalalo masiku ano. Pomwe anzake ofuna kutchuka pa zojambulajambula ankathamangira ku Italy kukaphunzira, iye sadapondeko n'komwe. Pafupifupi moyo wake wonse adakhala mumzinda womwe adabadwira, maso ali pa mapoto, anyezi, mazira ndi buledi.

Masiku amenewo ntchito yotere idali yonyozeka. Ojambula a ku France adali ndi bungwe la mfumu lotchedwa Académie royale, ndipo bungweli lidaika zithunzi m'magiredi ngati mmene amachitira ndi fodya kuokushoni. Giredi yapamwamba idali ya zithunzi zofotokoza nkhani za m'Baibulo, nkhondo zakale ndi nthano za milungu ya Agiriki. Pansi pake pamabwera nkhope za anthu, kenako malo monga mapiri ndi mitsinje. Kumchira kwenikweni ndiko kudali zinthu zopanda mpweya, zomwe Afalansa mpaka lero amazitcha nature morte, kutanthauza chilengedwe chakufa.

Akuluakulu a bungwelo ankati kujambula poto kumangofuna diso ndi dzanja, pomwe kujambula nkhani ya Mose kapena ya mfumu kunkhondo kumafuna mutu ndi maphunziro. Choncho ulemu ndi ndalama zochuluka zinkapita kwa a giredi yapamwamba.

Mnzake wa Chardin, Charles-Nicolas Cochin, adasiya atalemba za mmene mkuluyu adapezera njira yake ali mnyamata. Akuti tsiku lina adafuna kujambula kalulu wakufa. Atamuika patsogolo pake adaona kuti kujambula ubweya kamodzikamodzi, monga ena ankachitira, kukadatulutsa chinthu chouma chosafanana ndi kalulu. Adatsimikiza zoiwala zonse zomwe adaonapo pa zithunzi za anthu ena, n'kuika kaluluyo patali ndithu kuti tizinthu ting'onoting'ono tisamusokoneze. Atatero adayamba kuona zomwe diso limaonadi: pomwe pagwa kuwala, pomwe pali mthunzi, ndi mmene thupi lagonera.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Tonse timadziwa maonekedwe a dzira, kapena timaganiza kuti timadziwa. Mutafunsa mwana mtundu wa dzira la nkhuku yachizungu angakuuzeni mtundu umodzi. Koma liikeni pafupi ndi poto wamkuwa, mbali imodzi ifiirirako. Mbali ya kuzenera iwala, kunsi kwake kuchita mdima. Chardin ankakhala masiku akuyang'ana mmene zinthu zoyandikana zimabwerekerana mitundu, mpaka atazigwira bwino.

Mu 1728 adaonetsa chithunzi chomwe chidamutsegulira khomo. Ndi cha nsomba ya m'nyanja yamchere, yophwatalala ngati lichero, yopachikidwa pambedza ataitumbula, zam'kati zili pamtunda. Kumbali kuli mphaka atanyamula msana, kwinaku mpeni, nsalu ndi mtsuko. Si chithunzi chopatsa mudyo, kunena zoona. Komabe akuluakulu a Académie adachita nacho chidwi moti pa 25 September chaka chomwecho adamulandira kukhala membala. Adamulemba ngati wojambula nyama ndi zipatso, ndiye kuti adalowa ndithu, koma pampando wakumbuyo.

Nanga ziwiya zomwe ankajambulazo ankazitenga kuti? M'nyumba mwake momwe. Chardin adakwatira Marguerite Saintard mu 1731, ndipo adabereka ana awiri, mwamuna ndi mkazi. Mayiyo adamwalira mu 1735, mwana wamkaziyo naye sadakhalitse. Potsatira malamulo a chuma cha masiye, katundu wa m'nyumbamo adalembedwa mu 1737. Akatswiri a mbiri ya zojambula atawerenga mndandandawo adapezamo ziwiya zomwe zimaoneka pa zithunzi zake. Poto yemwe mukumuona pachithunzi china mumupezanso pa china, atangosintha malo.

Chimodzi mwa ziwiya zomwe ankazikonda ndi chimtsuko chamkuwa chosungira madzi. Anthu wamba a ku Paris adalibe mipope m'nyumba. Ankagula madzi kwa anthu owasenza kuchokera kumtsinje wa Seine kapena pamipope ya m'misewu, n'kuwathira m'chimtsuko chokhala ndi kampopi kunsi. Aliyense amene amasunga madzi m'diramu pakhomo akudziwa udindo wa chiwiya chotere: chikauma, nyumba yonse yaima.

Cha m'ma 1734 Chardin adachijambula chimtsukocho pachokha, pakathabwa kosafika masentimita 30 kutalika kwake. Chaima pamiyendo yake pakati pa chithunzi, ndowa ili kunsi kwa mpopi, chotungira chili pansi. Mulibe munthu, koma mukayang'anitsitsa mkuwa wothimbirira uko ndi uko mumadziwa kuti pali manja amene akhala akuchigwira m'mawa uliwonse. Adachiimika mmene ena ankaimikira mfumu. Kwa ine chithunzi chimenechi chimaposa cha masitiroberi chija, ngakhale ndalama zanena zina.

Vuto lidali lakuti mkuluyu ankagwira ntchito mwapang'onopang'ono. Zithunzi zake zodziwika ndi pafupifupi 200 pa zaka 50, ndiye kuti zinayi zokha pachaka. Ankadzitsekera pojambula, moti mlembi wotchuka Denis Diderot, yemwe ankamukonda kwambiri, adalemba kuti sankadziwa munthu amene adamuonapo ali pantchito, koma kuti mphekesera zinkati amagwiritsa ntchito chala chachikulu mofanana ndi burashi. Diderot adaonanso kuti ukayandikira chithunzi cha Chardin umangoona penti wopakapaka wopanda tanthauzo, koma ukabwerera m'mbuyo zonse zimalumikizana n'kukhala botolo, mbale kapena chipatso.

Ndi liwiro lotere, mapoto okha sakadadyetsa banja. Pali nkhani yoti mnzake wojambula nkhope, Joseph Aved, adamuseka kuti kujambula munthu si kophweka ngati kujambula soseji. Kaya adapsa mtima kaya thumba ndi lomwe lidalankhula, kuyambira cha m'ma 1733 Chardin adayamba kujambula anthu. Koma sadachoke kukhitchini. Adajambula wantchito akutunga madzi pachimtsuko chomwe chija, wina akuchapa, wina akusenda masamba, komanso mayi akudikira ana kuti apemphere asadadye. Mu 1740 adakaonekera kwa Mfumu Louis XV ku Versailles n'kuipatsa zithunzi ziwiri zoterezi.

Zinthu zidayamba kuyenda. Adakwatiranso mu 1744 mayi wamasiye wopezako bwino, Françoise-Marguerite Pouget, mu 1755 adasankhidwa kukhala msungichuma wa Académie, ndipo mu 1757 mfumu idamupatsa malo okhala m'nyumba yachifumu ya Louvre. Chodabwitsa n'chakuti mavuto a ndalama atachepa, iye adabwerera ku zipatso ndi matambula ake. Masitiroberi aja ndi a nthawi imeneyi.

Pomwe adapunthwa ndi pa mwana. Jean-Pierre, mwana yekhayo amene adatsala, adalowa njira yomwe bambo ake sadaiyende, ya giredi yapamwamba ija. Mu 1754 adapambana mphoto yaikulu ya Académie yomwe inkatumiza achinyamata kukaphunzira ku Rome. Koma iye ndi bambo ake adakanganapo pa chuma chomwe mayi adasiya, ntchito yake ku Italy sidaphule kanthu, ndipo mu 1772 adamira m'madzi mumzinda wa Venice. Ambiri olemba mbiri amakhulupirira kuti adadzipha.

Zaka zingapo izi zisadachitike, Diderot adalemba mmene Chardin adadandaulira anthu onyoza zithunzi pachionetsero cha 1765 kuti azikhala ndi chifundo. Adawakumbutsa kuti mwana amapatsidwa pensulo ali ndi zaka 7 kapena 8, n'kutha ubwana wonse akulimbana ndi luso lomwe mwina silidzamudyetsa, ndipo akadzazindikira kuti walephera amakhala alibenso ntchito ina yomwe akuidziwa. Wowerenga lero amavutika kumva mawuwo osaganiza za Jean-Pierre.

Ukalamba udabwera ndi vuto la maso, lomwe akuti lidakula kaamba ka mankhwala a mu penti wamafuta. Adasiya burashi n'kutola choko chamitundumitundu, ndipo mu 1771 ndi 1775 adadzijambula yekha. Sadavale zaulemu. Ali ndi mandala pamphuno, kansalu kumutu ngati agogo odwala chimfine, ndipo pachithunzi chachiwiricho wavalanso kachipewa kotchinga kuwala m'maso. Adamwalira pa 6 December 1779 ali ndi zaka 80.

Kadengu kaja katagulidwa mu 2022, kadayenera kupita kunyumba ina yosungira zithunzi ku Texas m'dziko la America. Boma la France lidaletsa, lidati ndi chuma cha fuko chosayenera kutuluka m'dziko. Louvre, yomwe tsopano ndi nyumba yosungira zithunzi, idayamba kusonkhetsa ndalama. Kampani ya LVMH idapereka gawo lalikulu, anthu wamba pafupifupi 10 000 adaponyapo kangachepe, ndipo mu 2024 chithunzicho chidakhala cha Louvre, nyumba yomwe Chardin adamwaliriramo. Chimtsuko chamadzi chija chili momwemonso.