Kukhala pambali pa wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya pamimba

M'zipatala zathu za m'maboma, monga cha ku Ulongwe, opaleshoni zambiri za pamimba amachita ndi aja timawatcha técnicos de cirurgia, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 1984 poona kuchepa kwa madokotala. Amathandiza amayi amene alephera kubereka mwa njira yachibadwa, anthu amene matumbo awo apotana, ndi ena otero. Koma wodwala akatuluka m'chipinda cha opaleshoni ntchito siinathe. Anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo amene amagona pansi pambali pa bedi usiku wonse ndife achibale.

Namwino akabwera ndi zida zake amayang'ana zinthu zodziwika. Mtima wa munthu wamkulu amene wagona umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, amapuma ka 12 mpaka ka 20, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 ndiye kuti pali chofunika kufufuza. Amayezanso kuthamanga kwa magazi, naona mkodzo umene watsikira m'thumba kudzera m'kapaipi. Thumba limenelo musakhuthule musanamuuze, pakuti mkodzo ukachepa kwambiri zimasonyeza kuti madzi kapena magazi akuperewera m'thupi.

Choopsa chachikulu tsiku loyamba ndi magazi otayikira m'kati, amene maso sawaona. Bandeji ikhoza kukhala youma pomwe m'mimba mukudzaza magazi. Wodwala wotere mtima umathamanga, manja ndi mapazi zimazizira, amatuluka thukuta, zikhatho zimayera, amamva ludzu losatha, ndipo amasowa mtendere kapena kuyamba kusokonezeka m'mutu. Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche, musaopenso kuti namwino akukalipirani. Pitani mukamudzutse.

Tsono nkhani ya chakudya, imene imativuta kwambiri ife Achewa, chifukwa kwathu chikondi timachionetsa ndi mbale. Matumbo akagwiridwa pa opaleshoni amayamba agona, ndipo amadzuka pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo wodwala amalandira madzi kudzera mu dripi, imene kuno timaitcha soro. N'chifukwa chake adokotala amafunsa m'mawa uliwonse ngati wodwala waphwisa. Funsoli limatichititsa manyazi, makamaka likafunsidwa pamaso pa apongozi, koma yankho lake limawauza ngati matumbo ayamba ntchito. Chaka china ndinakacheza kwa mnyamata wa mu mpingo mwathu amene anasokedwa matumbo. Amayi ake, pomva chisoni kuti mwana wagona ndi njala masiku awiri, anamudyetsa nsima mobisa usiku. Mimba inatupa, anasanza mpaka m'mawa, ndipo anamulowetsa kapaipi m'mphuno. Anachira, koma anakhalitsa m'chipatala. Sindiwadzudzula mayiwo. Palibe amene anawafotokozera chifukwa cha lamulolo. Masiku ano odwala ena amaloledwa kumwa ndi kudya msanga, koma wolamula zimenezi ndi amene anachita opaleshoniyo.

Kumbali ya kuyenda timalakwitsa mwa njira ina: timamuletsa wodwala kudzuka poopa kuti ulusi uduka. Kugona osatembenuka kumabweretsa chibayo, ndiponso magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Achipatala akalola, mugwireni dzanja ayende pang'ono. Akafuna kutsokomola, agwire pabala ndi pilo kapena chitenje chopinda. Ululu ukamuletsa kupuma bwino, auze namwino, pakuti kubisa ululu kumachedwetsa kuchira.

Matenda a pabala amaonekera mochedwerapo, kawirikawiri patapita masiku atatu kapena kuposerapo, mwina munthu atabwerera kale kumudzi. Bala likafiira, kutupa, kununkha kapena kutulutsa mafinya, thupi likatentha, mimba ikauma ndi kuwawa, kapena kusanza kukabwerera, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula mankhwala pamsika, ndipo pabalapo musathire phulusa kapena zitsamba.

Kwa akulu a mpingo ndi amayi amene mumayendera odwala, pempho langa ndi lakuti m'masiku oyambawo muzilowa awiriawiri mutasamba m'manja, pemphero likhale lalifupi, ndipo nyimbo tikaimbire kunyumba. Ngati mwanyamula chakudya, mupatseni wodikirira uja, ndipo mmodzi wa inu atsale pabedi kuti iye akasambe ndi kugonako pang'ono.