Nanga bwanji osangoleka? Nkhondo ya ku Ukraine ndi njira yovuta ya mtendere

Ku Kharkiv, mzinda wachiwiri kukula m'dziko la Ukraine, kuli ana amene amaphunzirira pansi pa nthaka. Sikuti ndi kuphanga ayi, koma m'masiteshoni a sitima zoyenda kunsi kwa mzinda. M'chaka cha 2023 akuluakulu a mzindawo anakonza zipinda mmenemo, n'kuikamo madesiki, mabolodi ndi zithunzi za m'makoma kuti muzioneka ngati m'kalasi. Dzuwa silifikamo. Anatero chifukwa Kharkiv ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera kumalire a Russia. Mzinga ukaphulitsidwa kutsidyako suchedwa kufika, moti nthawi zina belu lochenjeza anthu limalira bomba litagwa kale.

Nkhondo yaikuluyi inayamba pa 24 Febuluwale 2022, pamene asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine ndi akasinja, ndege ndi mizinga. Khanda limene linabadwa tsiku limenelo lero ndi mwana wothamanga ndi wolongolola, koma sanaonepo dziko lake lili pa mtendere. Anthu oposa 6 miliyoni anathawira kumayiko ena, ambiri a iwo amayi ndi ana.

Mwana aliyense akamva zimenezi amafunsa funso limodzimodzi: nanga bwanji osangoleka? Musachite nalo manyazi funso limeneli. Atsogoleri ovala masuti akhala akulimbana nalo m'misonkhano yambirimbiri, ndipo sanalipezere yankho.

Tengani mapu poyamba. Russia ndi dziko lalikulu kuposa mayiko onse pansi pano. Ukraine ndi wamng'ono mukamuika pambali pa Russia, komabe Malawi angalowemo kasanu. Dothi la Ukraine ndi lakuda bii, lachonde kwambiri, ndipo minda ya tirigu, chimanga ndi mpendadzuwa imangoti mbee mpaka pamene maso alekezera. Anthu akumeneko amati mbendera yawo, yobiriwira ngati thambo kumwamba ndi yachikasu kumunsi, ndi chithunzi cha thambo pamwamba pa munda wa tirigu wakucha.

Mayiko awiriwa si alendo kwa wina ndi mnzake. Onse amaloza ku ufumu wakale umene likulu lake linali Kyiv zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Zinenero zawo n'zapachibale, anthu ake anakwatirana, ndipo kwa zaka zambiri anali m'dziko limodzi lotchedwa Soviet Union, lolamulidwa kuchokera ku Moscow. Dziko limenelo linaphwasuka mu 1991 n'kukhala mayiko 15. Pa 1 Disembala chaka chomwecho anthu a ku Ukraine anachita riferendamu, ndipo oposa 90 mwa anthu 100 alionse ovota anati akufuna kudziimira paokha.

Tsono pali nkhani imodzi yofunika kuisunga bwino m'mutu. Pamene Soviet Union inkatha, ku Ukraine kunatsala zida zambiri za nyukiliya, mabomba oti limodzi lokha lingafafanize mzinda wathunthu. Mu 1994, mumzinda wa Budapest, Ukraine anavomera kupereka zida zonsezo. Posinthana nazo, Russia, America ndi Britain anasaina pepala lolonjeza kuti adzalemekeza malire a Ukraine ndipo sadzamuopseza ndi nkhondo. Zida zinapita, pepala linatsala. Patatha zaka 20, mu 2014, Russia analanda chigawo cha Crimea, ndipo kum'mawa kwa Ukraine, ku Donetsk ndi Luhansk, kunabuka nkhondo ya magulu othandizidwa ndi Russia. Anakasainirananso mapangano ena awiri ku Minsk, mu 2014 ndi 2015, oti mfuti zikhale chete. Sizinakhale chete.

Kodi Russia akuti chiyani? Mtsogoleri wake, Vladimir Putin, amaloza chala bungwe la NATO. Limeneli ndi gulu la mayiko amene anapangana mu 1949 kuti wina akaputa mmodzi wa iwo, ndiye kuti waputa onse. Poyamba anali mayiko 12, ndipo mdani amene ankamuopa anali Soviet Union yemweyo. Soviet Union itatha, mayiko ambiri amene kale anali kumbali ya Moscow, monga Poland, analowa NATO, ndipo mu 2008 bungweli linanena kuti tsiku lina Ukraine nayenso adzalowa. Putin amati zimenezi n'kubweretsa asilikali a adani pakhomo pake penipeni. Amanenanso kuti akuteteza anthu olankhula Chirasha a kum'mawa kwa Ukraine, ndipo mu 2021 analemba nkhani yaitali yonena kuti anthu a ku Russia ndi a ku Ukraine ndi mtundu umodzi.

A ku Ukraine amayankha kuti dziko lodziimira palokha limadzisankhira lokha abwenzi. Amati mayiko aja sanakokedwe ndi chingwe polowa NATO, anachita kupempha okha chifukwa choopa Russia, ndipo zimene zachitikazi zaonetsa kuti manthawo sanali opanda pake. Za chinenero amati kulankhula Chirasha sikupangitsa munthu kukhala wa Russia. Mtsogoleri wawo yemwe, Volodymyr Zelensky, anakula akulankhula Chirasha. Bamboyu anali wazisudzo, ndipo ankasewera pa kanema ngati mphunzitsi amene wasanduka pulezidenti mwadzidzidzi, mpaka mu 2019 anthu anamusankhadi kukhala pulezidenti weniweni.

Ine ndikayeza mbali ziwirizi ndimaona chonchi: mantha a Russia ndi nkhani yoti n'kukhalirana pansi, koma mantha sapatsa munthu chilolezo cholanda dziko la mnzake ndi kugwetsa nyumba za anthu ogona. Ndiponso ngati cholinga chinali kukankhira NATO kutali, zatembenuka. Finland, amene ali ndi malire aatali ndi Russia, analowa NATO mu 2023, Sweden n'kutsatira mu 2024, ndipo tsopano mayikowo alipo 32.

Mwina mukuti, kodi kulibe bwalo loweruza mayiko? Lilipo, ndi bungwe la United Nations. Pa 2 Malichi 2022 mayiko anavota kumeneko, ndipo 141 anati Russia atulutse asilikali ake. Mayiko 5 anakana, pamene 35 sanafune kuima mbali iliyonse. Malawi ndi Zambia anali m'gulu la 141 lija. Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa anali m'gulu la osaima mbali. Anthu ambiri a m'mayiko amenewa amakumbukira kuti Soviet Union inawathandiza ndi zida ndi maphunziro pamene ankamenyera ufulu wawo, ndipo ena amafunsa kuti bwanji mayiko a azungu sanafuule chonchi pamene America ankalowa ku Iraq mu 2003.

Koma voti imeneyo inali mawu chabe, yopanda mano. Mphamvu zenizeni zili m'kabungwe kakang'ono koona za chitetezo, mmene mayiko asanu, America, Britain, China, France ndi Russia, ali ndi mipando yosachoka, ndipo lililonse likangoti "ayi" chigamulo chimafera pomwepo. Taganizirani mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu, koma amene akuimbidwa mlandu wolima m'munda mwa mnzake wakhala pampando pakati pa nduna zoweruza, ndipo mwambo ukuti iye akapukusa mutu mlandu watha. Wodandaula angapite kuti?

Nkhondoyi ili kutali, koma inafika mpaka m'mapoto mwathu. Russia ndi Ukraine amagulitsa tirigu wochuluka ku mayiko ena, Ukraine ndi katswiri wa mafuta ophikira a mpendadzuwa, ndipo Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza akuluakulu pa dziko lonse. Nkhondo itatseka madoko a pa Nyanja Yakuda, monga Odesa, sitima zodzaza ndi chakudya zinangoima. Mitengo ya buledi, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera, ngakhale kuti kuno kwathu panali zifukwa zinanso, monga kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu Malichi 2023 Malawi analandira mphatso ya feteleza wokwana matani 20,000 kuchokera ku kampani ya ku Russia yotchedwa Uralchem. Fetelezayo anakhala nthawi yaitali atatsekeredwa pa doko ku Netherlands, kenako anadzera ku Beira. Ena anathokoza, ena anati mphatso ya pa nthawi ya nkhondo imakhala ndi chingwe kumchira.

Pa nkhani ya chakudya yomweyi panaoneka chinthu chopatsa chidwi. Mu Julayi 2022, mfuti zikulirabe, Turkey ndi United Nations anakwanitsa kugwirizanitsa mbali ziwirizi kuti sitima za chakudya zizidutsa. Sitima iliyonse inkaima ku Istanbul kuti aione ngati sinabise zida. Pa chaka chimodzi panadutsa chakudya chokwana matani pafupifupi 33 miliyoni, mpaka Russia anatuluka m'panganolo mu Julayi 2023. Ndiye kuti adani angathe kumvana pa kanthu kena, makamaka pakakhala mkhalapakati amene onse akumukhulupirira ndiponso woyang'anira kuti wina asabere.

Ofuna kuyanjanitsa akhala ambiri. Mu Juni 2023 atsogoleri a mu Africa, kuphatikizapo Cyril Ramaphosa wa ku South Africa ndi Hakainde Hichilema wa ku Zambia, anapita okha kukalankhula ndi mbali zonse ziwiri. Ku Kyiv, likulu la Ukraine, anafika pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Poland, poti ndege zonyamula anthu sizikuuluka mumlengalenga mwa Ukraine. Ali mumzindamo mabelu ochenjeza analira, mizinga inaphulika, alendowo n'kukabisala. Mawa lake anakakumana ndi Putin ku St Petersburg. Zelensky ndi Putin onse anawalandira mwaulemu, koma palibe anasuntha. Mu Meyi 2025 nthumwi za mayiko awiriwa zinakumana ku Istanbul n'kugwirizana zosinthana akaidi ankhondo, 1,000 uku 1,000 uku. Anthu anatsika m'mabasi atafunda mbendera, akulira pa foni ndi amayi awo. Mu Ogasiti chaka chomwecho mtsogoleri wa America, Donald Trump, anakumana ndi Putin ku Alaska, koma anabalalika nkhondo ili mkati.

Mfundo imene yamanga zonse ili pa nthaka. Russia akulamulira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko la Ukraine, ndipo mu Seputembala 2022 analengeza kuti zigawo zinayi, Donetsk, Luhansk, Zaporizhzhia ndi Kherson, ndi zake, ngakhale madera ena a zigawozo asilikali ake sanawalande. Ukraine akuti malamulo a dziko lake salola kupereka nthaka, ndipo pa nthakapo pali anthu, nyumba zawo ndi manda a makolo awo. Ena kunja amati, perekani pang'ono kuti anthu aleke kufa, moyo ndi wofunika kuposa dothi. Enanso amati wolanda ukamupatsa lero, mawa abweranso, ndipo mayiko ena amphamvu aphunzirapo kuti kulanda kumapindula. Onsewa akunena zomveka, n'chifukwa chake mtsutsowu sutha msanga. Ndiponso bola mbali iliyonse ikuganiza kuti ikapirira pang'ono mnzakeyo atopa, palibe amene amafulumira kukhala pansi.

Koma tiyerekeze kuti za nthaka amvana. Patsala funso lija la ku Budapest. Munthu amene anapatsidwa pepala mu 1994, lina mu 2014, linanso mu 2015, onse n'kung'ambika, mungamuuze chiyani kuti akhulupirire lachinayi? N'chifukwa chake Zelensky akamalankhula za mtendere salekanitsa ndi funso lakuti adzatiteteza ndani Russia akadzabweranso. Putin naye amati sangasaine kanthu kosatseka khomo la NATO kwa Ukraine mpaka kalekale.

Nkhondo zina zinatha bwanji? Ku Korea anamenyana kuyambira 1950 mpaka 1953, kenako anangogwirizana zoleka kuwomberana. Anasiya mpata wa makilomita 4 pakati pawo, ndipo mpaka lero asilikali akuyang'anizana pamenepo popanda pangano lenileni la mtendere. Akulu amati mlandu suola, ndipo wa ku Korea uli gone chigonere. Komabe ana a kumeneko akhala akupita kusukulu pamwamba pa nthaka kwa zaka zoposa 70. Anthu ena amaganiza kuti ku Ukraine kungathe motero.

Chitsanzo china chili pafupi, agogo anu akhoza kukusimbirani. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, ndipo ambiri anakhala ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Zokambirana zinachitikira ku Rome mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo zinatenga zaka zoposa ziwiri, uku kumudzi anthu akufabe. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano wa mbali ya boma ndi Afonso Dhlakama wa mbali yolimbana ndi boma anasaina pangano la mtendere. Koma pepala silinasiyidwe lokha. United Nations inatumiza asilikali a mayiko ena kukayang'anira kuti mbali zonse zikutuladi zida, chisankho chinachitika mu 1994, ndipo othawa kwawo anamanga katundu n'kubwerera.

Ku Ukraine, ndani angaime pakati choncho? Britain ndi France anena kuti angatumize asilikali awo kukalondera mtendere mfuti zikadzangokhala chete. Russia wayankha kuti msilikali wa dziko lililonse la NATO sakumufuna pa nthaka ya Ukraine, kaya abwere ndi dzina lanji. Ukraine naye sangalole mlonda wosankhidwa ndi Moscow. Mlonda amene onse awiri angamuvomere sanapezeke.