Fumbi ndi oilo wakale ndiye adani a turbo

Galimoto zambiri za dizilo zimene ogwira ntchito m'boma amayendera kumidzi, monga m'dera la Mfumu Jenala ku Phalombe, zili ndi turbo, chipangizo chomwe Alfred Büchi wa ku Switzerland adatulukira mu 1905.

Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Kafaniko kamayendetsa kanzake komwe kamakankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ipereke mphamvu zambiri.

Fumbi la m'misewu yadothi limadya kafanika, choncho sefa ya mpweya ndi oilo zizisinthidwa pa nthawi yake. Akayenda ulendo wautali, dalaivala adikire mphindi ziwiri asanazimitse injini kuti turbo izizire.

Utsi wabuluu ukayamba, galimotoyo ipite kugalaja msanga.