Lole ya Dizilo Ikakana Kulira M'nyengo ya Chisanu

Nyengo ya chisanu ndiyo imene mlimi afuna galimoto koposa nthawi ina iliyonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chimanga chili m'matumba, fodya wasankhidwa ndi kudindidwa m'mabelo, ndipo zonse zili kuyembekeza ulendo wa kumsika. Koma ndi m'miyezi yomweyi m'mene malole akale a dizilo avuta kulira m'mawa. Poyendera midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Dowa ndi Mzimba taona kawirikawiri lole itasenza katundu dzulo lake, anthu ataizungulira, dzuwa lili kukwera, koma injini ili chete. Tsiku lotayika chotero lidya ndalama. Mabelo ogona panja alowa chinyezi cha mame, ndipo tsiku lakuti fodya alandiridwe ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu lipitirira. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tidziwa kuti alimi ambiri alibe lole yawoyawo. Ena achita kubwereka, ena agula imodzi pamodzi ndi anzawo a m'kalabu. Komabe n'kwabwino kuti aliyense adziwe pamene vuto liyambira, kuti asalipire ndalama zambiri pa chinthu chimene akanakonza ndi sipanala imodzi. Zimene tilemba pano zithandizanso a mathirakitala ndi a zigayo za dizilo.

Chifukwa Chake Dizilo Aopa Chisanu

Injini ya petulo ili ndi mapulagi otulutsa moto, koma ya dizilo ilibe. Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake inagwira ntchito bwino m'chaka cha 1897, anatsata njira ina. Pisitoni ipanikiza mpweya mpaka malo ake achepe ka 16 kufikira ka 22, ndipo mpweya wopanikizidwa choterowo utentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo manozo awaza dizilo ngati nkhungu, nayaka yekha. Amene anapopapo tayala la njinga adziwa m'mene mpope utenthera m'manja. Ndi kutentha kwa mtundu womwewo.

Tsono usiku wa chisanu, pamene kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10 m'madera a kumapiri, chitsulo cha injini chimeza kutenthako msanga. Oyilo alimba, injini nilemera pozungulira, ndipo batire yozizira ichepa mphamvu. Kumalo okwera monga ku Dedza, pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya womwe ndi wopepuka. Injini yatsopano ipirira zonsezi, koma yakale iulula matenda ake onse amene anabisika m'chilimwe.

Chotero injini ifuna zinthu zitatu kuti ilire: izungulire mwamsanga, ilandire dizilo woyera wopanda mpweya, ndipo m'kati mwake mukhale kutentha kokwanira. Funani vuto motsata ndondomeko imeneyi, kuyambira pa chotsika mtengo. Khutu ndi diso zikuuzani zambiri musanamasule chitsulo chilichonse.

Poyamba Mverani Sitata

Sitata ikangoti "ke" osazungulira, kapena ikazungulira molemera ngati yatopa, vuto lili pa magetsi. Musafulumire kugula batire. Yambani mwayang'ana mitu yake. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umera pamenepo utseka njira ya magetsi. Masulani mawaya, kuyambira wopita ku chitsulo cha galimoto, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo mangani zolimba. Tsatirani waya wopita ku chitsuloyo kufikira kumene amangidwa, pakuti kumeneko dzimbiri libisala.

Tinaona kalabu ina imene inalipira munthu kuti achotse pampu ya dizilo ndi kupita nayo kutauni. Lole inaima sabata yathunthu fodya ali m'chigafa. Pampu itabwera, injini inakanabe. Pambuyo pake kunapezeka kuti waya wa pansiyo anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo ntchito yake inatha asanaphike nsima ya masana.

Batire ya mavolti 12 yodzaza bwino ionetsa 12.6 pa chipangizo choyezera. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti yatsala theka, ndipo ikatsika pansi pa 10 pamene sitata ili kuzungulira, yafooka. Malole aakulu ali ndi mabatire awiri opanga mavolti 24. Imodzi ikafa ilemetsa inzake, chotero ndi bwino kusintha zonse ziwiri pamodzi. Onaninso kuti madzi a m'batire aphimba mapuleti, ndi kuti lamba wa fani sali wolendewera, pakuti lamba wotero salola batire kudzaza paulendo.

Musazungulitse sitata kupitirira masekondi 15. Ipumitseni mphindi imodzi kapena ziwiri musanayesenso. Wokakamiza atentha sitata, namaliza batire, ndipo asanduka wa mavuto awiri.

Kenaka Penyani Utsi

Injini ikazungulira bwino koma osalira, tumani munthu akaime kumbuyo ayang'ane paipi ya utsi.

Ngati palibe utsi konse, dizilo sali kufika. Onani m'thanki ndi kamtengo koyera, pakuti mageji a malole akale anama. Onani ngati chingwe chozimitsira injini chabwerera m'malo mwake, chifukwa madalaivala ambiri achikoka madzulo nachiiwala m'mawa. Pa malole ozima ndi kiyi, tcherani khutu pa pampu. Potembenuza kiyi pamveke kaphokoso kakang'ono ka chotsegulira mafuta. Kakapanda kumveka, yang'anani fyuzi ndi waya wake.

Zimenezi zikakhala bwino, ganizani za mpweya m'mapaipi. Paipi yakale ing'aluka pang'ono, kotero kuti dizilo satuluka koma mpweya ulowa, ndipo usiku mafuta abwerera kuthanki. Chizindikiro chake n'chakuti injini ilira pang'ono nizimanso. Yesani chotere: musanalize m'mawa, popani kapampu ka dzanja mpaka kalimbe. Injini ikalira msanga, mwapeza vuto. Pochotsa mpweyawo, masulani pang'ono kabawuti ka pamwamba pa sefa ya dizilo, popani mpaka mafuta atuluke opanda thovu, ndipo mangani. Chitani chimodzimodzi pa pampu. Ikakanabe, masulani pang'ono manati a mapaipi pa manozo, zungulitsani injini mpaka dizilo aoneke, ndi kumanganso. Musaike chala pamenepo, pakuti dizilo wa m'mapaipi amenewo atha kuboola khungu.

Madzi ndiwo mdani wina. Thanki yosadzaza ichita thukuta m'kati usiku, monga denga la malata, ndipo madziwo atsikira pansi chifukwa alemera koposa dizilo. Tsegulani kampopi ka pansi pa sefa sabata iliyonse kuti atuluke. Dzazani thanki madzulo. Ngati musunga dizilo mumgolo, ulekeni ukhale tsiku lathunthu musanatunge, ndipo musatunge wa pansi penipeni.

Ngati utsi utuluka woyera, wonunkha dizilo, ndiye kuti mafuta ali kufika koma sali kuyaka. Chosowa ndi kutentha. Malole ambiri aang'ono a ku Japan ali ndi mapulagi otenthetsa, amene amakaniko awatcha mahita, limodzi pa silinda iliyonse. Akalewo afuna masekondi 10 kufikira 20 musanagwire sitata, ndipo m'mawa wozizira kwambiri tenthetsani kawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Hita imodzi ikafa, injini ilira monjenjemera ndi utsi woyera kwa kanthawi. Zikafa ziwiri kapena zitatu, ikaniratu. Kuziyesa n'kosavuta. Chotsani kachitsulo kolumikiza mahitawo, tengani babu la mawaya awiri, ikani waya wina pa mutu wa batire wa chizindikiro cha mtanda, wina pa mutu wa hita. Babu likapanda kuyaka, hitayo yafa. Injini za Perkins, monga za mathirakitala a Massey Ferguson 135, zili ndi chotenthetsa chimodzi pa paipi yolowera mpweya, ndipo nacho chifuna kudikira.

Utsi wakuda usonyeza kuti mpweya wachepa. Tulutsani sefa ya mpweya muichotse fumbi, pakuti misewu ya m'midzi nyengo ino ndi fumbi lokhalokha.

Injini Yokalamba

Zonsezi zikakhala bwino koma lole nivutabe m'mawa uliwonse, mwina injini yatha mphamvu yopanikiza mpweya. Zizindikiro zake ndi izi: imwa oyilo wambiri, itulutsa utsi wobiriwira ngati wa oyilo wopserera, ndipo mukatsegula pothira oyilo injini ili kulira, patuluka mpweya wamphamvu. Apa pafunika makaniko wodziwa. M'pempheni ayambe wayeza mipata ya mavavu, chifukwa ndi ntchito yaing'ono imene nthawi zina ichiza vuto lonse. Kenaka ayese manozo, pakuti nozo yakutha idontheza dizilo m'malo momuwaza. Pampu ndi maring'i a pisitoni zikhale zomalizira. Munthu wofuna kumasula pampu asanaone batire ndi utsi, m'kanizeni.

Zimene Simuyenera Kuchita

Pali njira zachidule zimene taona zikuwononga katundu ndi kuvulaza anthu. Musasonkhe moto pansi pa injini. Lole yosenza fodya wouma ndi ziguduli ipsa yonse m'kanthawi kochepa. Musathire petulo m'thanki ya dizilo, kapena kuika sanza ya petulo polowera mpweya. Mankhwala opopera olizira injini asagwiritsidwe ntchito pa injini ya mahita, chifukwa aphulika nthawi isanakwane, nathyola maring'i. Musalumikize mavolti 24 pa galimoto ya mavolti 12. Ndipo lole ya mabuleki a mpweya musaikankhire pamtsetse matanki a mpweyawo ali opanda kanthu, pakuti ikakana kulira dalaivala alibe choiimitsira.

Njira zabwino zilipo. Imikani lole pamalo osaomba mphepo, mutu wake uloze kum'mawa, ndi kufunditsa injini itazizira ndi matumba ouma. M'mawa muwachotse onse musanalize. Thirani madzi ofunda pa paipi yolowera mpweya, osanyowetsa mawaya. Pondani kilachi poliza kuti sitata ipepukidwe. Thirani oyilo wa 15W-40, chifukwa wolimba kwambiri alemetsa injini m'mawa. Ikalira, ilekeni iyende pang'onopang'ono mphindi zingapo musanaipondereze.

Tipempha makalabu ndi eni malole onse kuti asayembekeze tsiku la ulendo. M'mwezi wa Epulo, chisanu chisanafike, tsukani mitu ya batire, sinthani oyilo ndi masefa, yesani mahita, ndi kusintha mapaipi ong'aluka. Ndipo inu amene muchita kubwereka, musanasenzetse mabelo anu pitani m'mamawa mukaone m'mene loleyo ilirira isanaothe dzuwa. Lole yolira masana siinakuuzeni kanthu.