Mafakitale a ku Southerton ndi chipata cha Beitbridge

Misewu ina ya ku Southerton, kum'mwera chakumadzulo kwa Harare, inapatsidwa mayina a mizinda ya mafakitale ya ku England. Pa Manchester Road pali fakitale ya fodya ya BAT ndi yofululira mowa ya Delta; pa Birmingham Road pali Olivine, yoyenga mafuta ophikira ndi kupanga sopo ndi majarini a Buttercup. M'bandakucha makombi amatsitsa antchito ochokera ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, ena mwa iwo adzukulu a machona a ku Nyasaland.

Mafakitale ambiri akuno anakulira mumpanda. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mu 1965, mayiko anakana kuchita naye malonda, ndiye dzikolo linayamba kudzipangira zomwe linkagula kunja. Mpandawo unagwa mu 1991 ndi ndondomeko yomasula malonda ya ESAP. Kenaka mu 2009 Zimbabwe itayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, mashelefu anadzaza katundu wotchipa wa ku South Africa, makina a ku Southerton n'kumagona.

Mu June 2016 boma linamanganso mpanda ndi lamulo la Statutory Instrument 64. Cremora, chiponde, nyemba za m'zitini ndi madzi a m'mabotolo sizinkalowanso popanda chilolezo. Eni mafakitale anaomba m'manja, koma amayi okaoda katundu ku Musina, ku South Africa, amene geni yawo ndiyo imalipira fizi ya ana, anatsala manja ali m'khosi. Pa 1 July anthu okwiya anatentha nyumba yosungiramo katundu ya bungwe la misonkho la ZIMRA pachipata cha malire cha Beitbridge. Pofika October 2018 mafuta ophikira anasowa m'masitolo, boma n'kutsegulanso chipata. Gwero lake linali kumunda: soya wolimidwa m'dzikomo sakwanira, choncho fakitale imaitanitsa mafuta osayenga kunja, ndipo ndalama zakunja zogulira kunalibe. Amalawi akuzidziwa bwino zotsatira za mpanda wotere, pakuti boma lawo litaletsa katundu wina wakunja mu March 2025, Tanzania inabwezera mwezi wotsatira potseka zokolola za ku Malawi pamalire.

Mayiko olemera nawo amateteza zawo, ngakhale amalalikira za msika womasuka. Kusiyana kwake n'kwakuti chitetezo chawo chachikulu chili m'thumba. Kuyambira 1962 mayiko a ku Europe amathandiza alimi awo ndi ndalama za boma, ndipo mpaka lero thandizoli limadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti ya European Union. Britain inakhazikitsa ofesi yoimira kumbuyo ogulitsa katundu kunja mu 1919, America inatsegula EXIM Bank mu 1934. Kampani ikagulitsa makina pangongole kudziko lina, wogula n'kulephera kulipira, boma limabweza ndalamazo. Wamalonda wotere amapita kumsika mtima uli m'malo. Bungwe la malonda a padziko lonse la WTO linagwirizana zothetsa thandizo la boma pa zokolola zogulitsa kunja ku Nairobi mu December 2015, alimi a thonje ndi shuga a mu Africa atalira kale zaka zambiri.

Phunziro loyenera Southerton lili ku South Korea. Boma la Park Chung-hee linkatchinga malire ndi kupereka ngongole zotsika chiwongoladzanja, koma linkafunsa kampani iliyonse kuti yagulitsa zingati kunja. Yolephera inkalandidwa mwayiwo. Ku Harare mpanda umamangidwa popanda funso limeneli, ndipo wolipira ndi mayi wa ku Mbare amene amagula mafuta oyezera m'kabotolo.

Si kuti Zimbabwe sinayese njira ya m'thumba. Ili ndi Export Credit Guarantee Corporation, kampani yomwe inakhazikitsidwa ndi banki yaikulu ya dzikolo. Mu November 2016 bankiyo inatulutsa ndalama ya bond note monga mphoto ya 5 peresenti kwa ogulitsa kunja, yotsamira pa ngongole ya madola 200 miliyoni ya Afreximbank, n'kulonjeza kuti idzalingana ndi dola. Mu February 2019 banki yomweyo inavomera kuti dola imodzi ikugulidwa ndi ndalama ya m'dzikomo 2.50, pomwe pamsewu mtengo unali utapitirira kale pamenepo.