Maswiti a Nshawa ndi Chokoleti Opangira Panyumba

M'makomboni a mu Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mwana amene apatsidwa kandalama m'mawa sapita nako kutali. Kathera pa kantemba ka pafupi ndi sukulu, pa maswiti ndi zakumwa zimene mulibe cina ciri conse koma shuga ndi utoto wocititsa kaso. Makolo ena ayesa kuletsa, koma kuletsa mwana zotsekemera ndi nchito yosatha. Cimene cithandiza ndi kumpangira zotsekemera za panyumba zokhala ndi cakudya ceni-ceni m'kati mwace. Nshawa, zimene ena acha mtedza, pamodzi ndi ufa wa koko pang'ono zikwanira. Sipafunika uvuni, ndipo magetsi akazima nchito siima.

Komabe pali cinthu cimodzi coyenera kukumbukira. Cakudya cimene cilowa mu uvuni cipsa, ndipo tizirombo tambiri tifa ndi moto. Maswiti awa salowa mu uvuni. Cimene calowa m'mbale posakaniza ndico cidzalowa m'mimba mwa mwana. Motero umoyo wa banja utetezedwa pa kusankha nshawa, pa kusamba m'manja ndi pa kupewa madzi.

Nshawa ndi cakudya camphamvu ndithu. Mu magalamu 100 a nshawa muli pafupi-fupi magalamu 25 a zomanga thupi, ndipo pafupi-fupi theka la kulemera kwace ndi mafuta. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lino wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 osafika zaka 5 anali opinimbira, ndiko kuti ofupika kusiyana ndi zaka zao. Ici ndi comvetsa cisoni maka-maka kuno kum'mawa, kumene nshawa za Chalimbana ndi mitundu ina yocokera ku Msekera zilimidwa kwambiri. Koko ndiye mlendo. Alimidwa maka-maka ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndipo mu 2024 mtengo wace pa msika wa dziko lonse unapitirira madola 10,000 pa tani imodzi. Mwamwai, m'maswiti awa koko angofunika wocepa, wopatsa fungo ndi kukoma. Codyetsa thupi ndi nshawa.

Kusakaniza ziwirizi sikunayambe lero. Opanga maswiti a mu mzinda wa Turin ku Italy anayamba m'zaka za m'ma 1800 kuonjeza mtedza wa kwao wosinja mu chokoleti kuti koko, amene anali wodula, apite patali.

Cuku cosaoneka ndi maso

Nshawa zimene sizinaume bwino, kapena zimene zasungidwa pa cinyezi, zigwira cuku. Cuku cina cochedwa Aspergillus flavus citulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni uyu anadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo pafupi-fupi 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya cimanga cokhala ndi poizoni yemweyu. Muno m'Zambia, mu August 2024, nduna ya zaumoyo inalengeza kuti agaru pafupi-fupi 400 anafa kaamba ka cakudya ca cimanga cimene cinali ndi aflatoxin.

Poizoni uyu aononga ciwindi. Akaculuka nthawi imodzi munthu asanza, maso ace asanduka acikasu, ndipo angathe kufa. Koma kawiri-kawiri alowa pang'ono-pang'ono, tsiku ndi tsiku, munthu osamva kanthu. Patapita zaka angathe kuyambitsa khansa ya ciwindi, maka-maka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a ciwindi ochedwa hepatitis B. A zaumoyo apezanso kuti ana amene adya poizoni uyu kawiri-kawiri sakula bwino.

Anthu ambiri akhulupirira kuti kukazinga kucotsa coipa ciri conse. Si zoona. Moto wa pa mbaula upha tizirombo tamoyo, koma aflatoxin ambiri atsala ngakhale nshawa zitapsa bwino. Mankhwala ace ndi maso ndi zala. Nshawa zitsanulidwe pa licero masana, pamalo powala, ndi kusankhidwa imodzi-imodzi. Yofota, yosweka, yofumbwa, yakuda, yobiriwira kapena yonunkha cuku icotsedwe. Poizoni wambiri akhala mu nshawa zowerengeka zoipazo, cotero kuzicotsa kucepetsa ngozi kwambiri. Nchito iyi itopetsa, koma ana akulupo angathe kuthandiza, ndipo ndi maphunziro abwino kwa iwo.

Zimene zacotsedwazo zitayidwe kapena kutenthedwa. Pali cizolowezi coipa cotenga nshawa zoipa ndi kusinja nsinjiro zotendera ndiwo poganiza kuti palibe cotaya. Kupatsa ziweto sikuthandizanso, pakuti poizoni uyu apita mu mkaka wa ng'ombe. Pa cifukwa comweci, cimponde cogula m'botolo lopanda dzina ndi cokayikitsa: nshawa zikasinjidwa palibe amene angadziwe kuti zinali zotani. Pogula pa msika ndi bwino kufuna zouma gwa, zolira pozigwedeza m'manja. Ena awaza madzi pa nshawa kuti makoko asavute kuswa, ndipo nshawa zotere zikalowa m'thumba zisanaumenso zigwira cuku msanga.

Kapangidwe kace

Pafunika makapu 2 a nshawa zosankhidwa, masupuni akulu 3 a ufa wa koko, masupuni akulu 3 a shuga, masupuni akulu 4 a mkaka waufa ndi mcere wotsina ndi zala. Ufa wa koko usiyana ndi chokoleti cakumwa ca m'citini. Cakumwa ciri kale ndi shuga wambiri, motero wogwiritsa nchito cimeneco asaonjeze shuga wina.

Nshawa zikazingidwe pa moto wocepa, namazitembenuza mosalekeza kufikira zitafiira m'kati mwace ndi kununkhira. Zikazizira afikise m'manja ndi kupeta kuti timakungu tofiira ticoke. Apa ndi pofunika kuyang'ananso kaciwiri, cifukwa nshawa ina ioneka bwino kunja koma ikagawika pakati ipezeka yakuda. Kucokera apa cakudya sicidzaonanso moto, cotero wopanga asambe m'manja ndi sopo, adule zikhadabo, ndipo mtondo, munsi ndi mbale zikhale zotsukidwa ndi zouma. Mtondo umene wakhala pa khonde pamene nkhuku zikwera suyenera nchito iyi usanatsukidwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa.

Shuga asinjidwe coyamba payekha kuti asalale, apo ai amveka ngati mcenga m'kamwa. Kenaka nshawa zisinjidwe mpaka mafuta atuluke ndi kusanduka cimponde. Koko, shuga, mkaka ndi mcere zithiridwe momwemo ndi kupitiriza kusinja kufikira zonse zitagwirana. Cikafewa kwambiri, aonjeze mabisiketi 3 kapena 4 ophwanya. Cikauma kwambiri, aonjeze supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Aumbe timipira ta msinkhu wa suku laling'ono. Pa muyeso uwu tituluka pafupi-fupi 20, ndipo kampira kamodzi kakhala ndi shuga woonjeza wosafika theka la supuni yaing'ono. Botolo limodzi la cakumwa cozizira likhala ndi masupuni ang'ono pafupi-fupi 8.

Cikauma, dzanja lithamangira ku madzi. Pamenepa ndi pamene ambiri alakwa. Tizirombo toyambitsa kutsegula m'mimba tifuna madzi kuti tiswane, ndipo m'cakudya ca mafuta copanda madzi sitingaculuke. Nzeru imeneyi ndi yomwe ipulumutsa ana onyentchera m'zipatala. Mu 1996 dokotala wa ana wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne, anapanga cakudya cochedwa Plumpy'Nut kucokera ku cimponde, shuga, mafuta, mkaka waufa ndi mavitamini. Cikhala miyezi yambiri osaola popanda firiji cifukwa mulibe madzi. Koma maswiti a panyumba si mankhwala. Mwana woonda kwambiri, wotupa mapazi kapena wa tsitsi lofiira atengeredwe ku kiliniki msanga.

Madzi abweretsanso tizirombo tao. Mliri wa kolera umene unayamba mu Lusaka mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Madzi otsukira ziwiya akhale owiritsa kapena othira klorini. Munthu amene atsegula m'mimba, kapena amene ali ndi cironda pa cala, asaumbe maswiti tsiku limenelo.

Banja limene lagula chokoleti ca m'sitolo lingathe kucicurukitsa. Cidulidwe tizidutswa ndi kuikidwa m'mbale youma, mbaleyo ikhazikidwe pamwamba pa poto wa madzi otentha amene wacotsedwa pa moto. Dontho limodzi la madzi likagwera m'kati chokoleti cicita zibuma. Cikasungunuka athiremo nshawa zokazinga, atape ndi supuni ndi kudonthezera pa mbale yopaka majarini pang'ono. M'miyezi ya June ndi July ciuma cokha. Mu October kutentha sikulola, ndipo ndi bwino kupanga madzulo.

Oyenera kusamala

Mwana wosafika miyezi 6 ayenera bere lokha. Kucokera pa miyezi 6 cimponde cosalala cosungunulira m'phala ndi cabwino kwambiri, koma maswiti a shuga adikire kufikira atakwanitsa zaka 2. Uci m'malo mwa shuga ukoma, koma suyenera kwa khanda losafika caka cimodzi. Mwana wosafika zaka 5 asapatsidwe nshawa zathunthu kapena zidutswa zace, pakuti zitsamwa ndi kulowa m'njira ya mpweya. Kwa iye timipira tikhale tosalala, tomnyemera pang'ono-pang'ono, ndipo adye ali khale, osati akuthamanga.

Pali anthu owerengeka amene thupi lao lidana ndi nshawa. Zizindikiro zioneka msanga: zidzolo zoyabwa, kutupa milomo ndi maso, kusanza, kubanika. Wotupa lilime kapena wobanika athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuce. Amai amene agulitsa maswiti otere kapena kupatsa ana a anansi ao anene poyera kuti muli nshawa.

Shuga wa panyumba muno m'Zambia athiridwa vitamini A kuyambira mu 1998, koma ici sicitanthauza kuti aculuke m'cakudya. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndipo 6 ndi abwino koposa. Muyeso wa mwana ndi wocepa kuposa apa. Timipira 2 tikwanira mwana wa sukulu, ndipo adye atatha nsima, osati kumangotsina tsiku lonse, cifukwa shuga wokhalitsa m'kamwa ndiye aoletsa mano. Odwala matenda a shuga ayambe afunsa ku kiliniki. Mu koko mulinso kafini pang'ono, motero si cakudya ca pogona. Garu asapatsidwe chokoleti konse, cifukwa kwa iye ndi poizoni.

Maswiti asungidwe m'cikopo cotseka bwino, pamalo pozizira pamene nyerere ndi nchenche sizifika. Popanda firiji athe m'masiku 3, ndipo mu firiji akhala sabata imodzi. Ngati mwaikidwa nthoci yakupsa yophwanya, imene iri ndi madzi ambiri, adyedwe tsiku lomwelo. Amene ayamba kununkha mafuta akale kapena kuwawa atayidwe.